Liwu Loti "Freehold" ndi Mbiri ya Malo M'dziko Muno

Alipo mawu ena a Chingerezi amene atafika kuno anasintha moyo wa anthu m'midzi. Limodzi mwa mawuwa ndi "freehold". Tanthauzo lake ndi umwini wa malo wovomerezeka ndi lamulo, wopanda malire a zaka, kotero kuti mwiniyo angathe kugulitsa malowo kapena kusiyira ana ake.

Liwuli linachokera ku Mangalande. William wa ku Normandy atagonjetsa dzikolo mu 1066, nthaka yonse inkayesedwa ya mfumu. "Free" ndiye mfulu, "hold" ndiko kugwira. Choncho "freehold" anali malo amene mfulu inkagwira pansi pa mfumu kapena nduna zake, mosiyana ndi mlimi womangika kwa mbuye wake. M'kupita kwa zaka kugwira kotere kunasanduka umwini weniweni.

Makolo a kuno analibe mwambo wotere. Malo anali a mudzi ndi a mbumba, ndipo mfumu inali msungi chabe. Pamene Azungu ena ankapatsa mafumu nsalu, mikanda ndi mfuti, Mzungu ankati wagula, koma mafumu ambiri ankayesa kuti apatsa mlendo polima, pokhulupirira kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Kuyambira mu 1892 Harry Johnston, woimira boma la Britain, anapatsa Azunguwo zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Malo oposa maekala 3 miliyoni analowa m'manja mwa atsamunda monga Eugene Sharrer ndi makampani monga African Lakes. Zambiri mwa zikalatazo zinkaletsa kusamutsa midzi imene inalipo kale, koma eni minda sanasamale zimenezi. Anthu anasanduka alendo pa nthaka ya makolo awo, nayamba kulipira malo ndi thangata.

Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira atsamunda pa 23 January 1915. Thangata linathetsedwa ndi lamulo mu 1962, koma maesiteti ambiri a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje anakhalabe a "freehold", anthu a m'midzi yozungulira akusowa polima.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolola kuti malo a makolo azilembetsedwa m'kaundula. Wolembetsa munda ayenera kumvetsa liwu lililonse la pa chikalata asanasaine, pakuti m'bwalo la milandu oweruza amayamba ayang'ana zimene zinalembedwa.