Msonkho wa pa Malipiro ku South Africa kwa Amalawi Amene Mabanja Awo Ali Kumudzi

M'midzi ya ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota mabanja ambiri ali ndi m'bale wawo ku Joni. Ena ndi matelala ku Durban, ena amagulitsa m'masitolo ku Johannesburg, ena ndi alonda ku Cape Town. Poti gawo lalikulu la malipiro limapita kumudzi, ambiri amayesa kuti msonkho uyenera kuwerengedwa pa ndalama zotsala. Lamulo la kumeneko silitero. Msonkho umawerengedwa pa zonse zimene munthu wapeza, ndipo zimene watumizira mkazi, ana kapena makolo sizichotsedwapo. Komabe kulemba fomu ya msonkho kuli ndi phindu, chifukwa ndi njira yobwezetsera ndalama zimene zadulidwa mopitirira.

Amene ayenera kupereka

Bungwe lotolera msonkho ku South Africa ndi South African Revenue Service, mwachidule SARS, ndipo limatsata lamulo la msonkho la 1962. Chaka cha msonkho chimayamba pa 1 Malichi n'kutha tsiku lomaliza la Febuluwale.

Lamuloli siliyang'ana kuti munthu ndi nzika ya dziko liti. Limagawa anthu pawiri, okhazikika m'dzikomo ndi osakhazikika. Wosakhazikika amapereka msonkho pa ndalama zokhazo zimene wazipezera ku South Africa. Wokhazikika amayenera kuulula ndalama zake zonse, ndi za kunja komwe.

Munthu amakhala wokhazikika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi pamene South Africa yasanduka kwawo kwenikweni, kumene amabwerera akatha maulendo ake. Yachiwiri ndi ya masiku: akakhala m'dzikomo masiku oposa 91 m'chaka chimenecho, masiku oposa 91 m'chaka chilichonse cha zaka 5 zapitazo, komanso masiku oposa 915 akaphatikiza zaka 5 zimenezo. Choncho bambo amene nyumba ndi banja lake zili ku Makanjira akhoza kuwerengedwa wokhazikika m'chaka chake cha 6, ngakhale mtima wake uli kumudzi. Zidindo za m'pasipoti ndi zimene zimachitira umboni masikuwa, ndiye pasipoti yakale musataye.

Dziwaninso kuti kupereka msonkho sikupatsa munthu chilolezo chokhala kapena chogwira ntchito m'dzikomo. Zimenezo ndi za unduna wa Home Affairs.

Mawerengedwe ake

Ziwerengero izi ndi za chaka cha pa 1 Malichi 2025 mpaka pa 28 Febuluwale 2026, ndipo boma limatha kuzisintha m'bajeti ya chaka chilichonse. Munthu wosakwana zaka 65 amene wapeza ndalama zosapitirira R95,750 pachaka sapereka msonkho. Pa ndalama zofika R237,100 msonkho ndi 18 peresenti, kenako amachotsapo R17,235 imene aliyense amakhululukiridwa. Mlingo umakwera malinga ndi kuchuluka kwa ndalama mpaka 45 peresenti.

Tinene kuti munthu amalandira R10,000 pamwezi. Pachaka ndi R120,000. Pamenepo 18 peresenti ndi R21,600, ndipo tikachotsa R17,235 patsala R4,365, yomwe ndi pafupifupi R364 pamwezi. Ndalamayi bwana amadula mwezi ndi mwezi n'kutumiza ku SARS. Kadulidwe kameneka ndi kamene kamalembedwa kuti PAYE pa pepala la malipiro. Pa pepala lomwelo pamaonekanso UIF. Imeneyo ndi inshuwalansi yothandiza ntchito ikatha, ndipo wantchito amasonkha 1 peresenti, bwana 1 peresenti.

Munthu yemweyo akagwira miyezi 6 yokha n'kubwera kudzalima, wapeza R60,000, yomwe siifika pa R95,750. Ndalama yoposa R2,000 imene anadulidwa ndi yake, ndipo SARS imabweza ikamaliza kuwerengera chaka chonse.

Zimatembenuka kwa wogwira ntchito ziwiri. Akamalandira R6,000 kulikonse, palibe bwana amene amadula kanthu, poti malipiro alionse paokha ndi ochepa. Koma zikaphatikizidwa ndi R144,000, ndipo msonkho wake ndi R8,685, wofunika kulipira pakutha pa chaka. Wotere aziika kenakake padera asanatumize zonse kumudzi.

Banja la kumudzi

Ku South Africa aliyense amawerengeredwa msonkho payekha. Kukhala pabanja kapena kukhala ndi ana ambiri sikuchepetsa msonkho. Fizi, feteleza, malata ndi chakudya zimene mwatumiza sizilembedwa pa fomu ngati zochotsera. Pamene banja limawerengedwa ndi pa inshuwalansi ya zachipatala yolembetsedwa m'dzikomo: m'chaka tatchulachi mwini wake ankachotseredwa R364 pamwezi, munthu woyamba amene wamulembetsa R364, ndipo wina aliyense wotsatira R246.

Pali msonkho wina wa pa mphatso, wa 20 peresenti, wokhudza okhazikika. Ndalama zosamalira anthu amene mukuwasunga, zikakhala za mlingo woyenera, sizilowa mu msonkho umenewu. Pa mphatso zina, m'chaka tatchulachi R100,000 yoyamba inali yopanda msonkho. Ambiri safikapo, koma wogulira mchimwene wake minibasi kapena boti la injini afunse kaye asanatumize.

Wokhazikika amene ali ndi nyumba ya lendi pa boma la Mangochi kapena golosale kumudzi ayenera kuulula ndalamazo. Ku Malawi nazonso zimakhudzidwa ndi msonkho wa MRA, chifukwa zapezedwa m'dziko muno. Maiko awiriwa ali ndi pangano la 1971 loti ndalama imodzi isadulidwe kawiri, ndipo SARS imaganizira msonkho umene waperekedwa kale kunja ngati pali umboni. Apa ndi pamene a kumudzi angathandize. Mayi kapena mwana wamkulu azisunga malisiti a MRA, mapangano a lendi ndi mauthenga olandirira ndalama, n'kumajambula ndi foni kuti akafunika atumizidwe tsiku lomwelo.

Zakaat ndi sadaka

Msonkho sulowa m'malo mwa zakaat, poti zakaat ili ndi mlingo wake ndi anthu ake oyenera kulandira. Koma lamulo la kumeneko, pa ndime 18A, limalola kuchotsa zopereka zachifundo mpaka 10 peresenti ya ndalama zoyenera msonkho, ngati zaperekedwa ku bungwe limene SARS inalivomereza ndipo lapereka lisiti ya ndime imeneyo. Zakaat kapena sadaka imene mwatumiza kwa amasiye a kwanu kapena ku mzikiti wa m'mudzi malipiro ake kwa Allah ali chikhalire, koma pa fomu siichotsedwa.

Kalembedwe ka fomu

Choyamba ndi nambala ya msonkho ya manambala 10. Mlendo amalembetsa ndi pasipoti kapena chikalata cha wopempha malo othawirako, pamodzi ndi umboni wa kumene amakhala ndi wa akaunti ya kubanki. Mabwana ambiri amalembetsa okha antchito awo. Chaka chikatha bwana amapereka chikalata cha IRP5 chosonyeza malipiro onse ndi zimene zadulidwa. Mukaona PAYE ikudulidwa koma IRP5 sikubwera, funsani, chifukwa popanda chikalatacho n'kovuta kutsimikiza kuti ndalamazo zinakafikadi.

Fomu ya munthu payekha ndi ITR12. Imalembedwa pa intaneti kudzera pa eFiling, pa foni kudzera pa SARS MobiApp, kapena ku ofesi mutapangana tsiku. Nyengo yake imayamba mu Julayi, ndipo kwa olembedwa ntchito imatha mu Okutobala. Anthu ambiri SARS imawawerengera yokha n'kuwatumizira uthenga. Musangovomereza. Onani ngati zonse zalowamo, ndipo ngati china chasowa konzani nyengo isanathe.

Amene malipiro ake sapitirira R500,000 pachaka, ochokera kwa bwana mmodzi, ndipo alibe ndalama zina kapena zochotsera, sakakamizidwa kulemba fomu. Wodzilemba yekha ntchito, monga telala wa makina akeake, ndalama zake zikapitirira mlingo uja amalipira kawiri pachaka pa fomu ya IRP6, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale. Iye amaloledwa kuchotsa zimene wawonongera bizinesi, monga nsalu, ulusi ndi lendi ya shopu, bola akhale ndi malisiti. Mapepala onse asungidwe zaka 5.

Zilango ndi akuba

Woyenera kulemba fomu koma osalemba amalipitsidwa chindapusa cha pakati pa R250 ndi R16,000 mwezi uliwonse, malinga ndi ndalama zimene amapeza, ndipo chimatha kupitirira mpaka miyezi 35. SARS ili ndi mphamvu yolamula banki kapena bwana kuti adule ngongoleyo, ndipo mwezi umenewo kumudzi sikufika kanthu.

Chenjerani ndi anthu olonjeza kukubwezetserani ndalama zambiri kuti mugawane. Amalemba zabodza m'dzina lanu, ndipo zikadziwika mlandu ndi wanu. Wolemba mafomu molipidwa ayenera kukhala wolembetsedwa ku SARS, ndiye mufunseni nambala yake. Ndalama zobwezedwa zimalowa mu akaunti ya dzina lanu, ndipo SARS siifunsa nambala yachinsinsi ya kubanki pa foni kapena pa uthenga. Mukadandaula ku SARS koma osathandizidwa, pali ofesi ya Tax Ombud, yomwe inakhazikitsidwa mu 2013 ndipo siilipiritsa.

Pobwerera kumudzi

Wobwerera kwawo kotheratu atenge IRP5 yomaliza, alembe mafomu onse otsala, ndipo ngati anali wokhazikika adziwitse SARS kuti wachoka. Akaunti ya kubanki ndi nambala ya foni imene analembetsa asatseke mpaka ndalama zobwezedwa zitalowa. Kuzilondola muli ku Namwera kumadya nthawi ndi mayunitsi, ndipo nthawi zina kumafuna ulendo wina wa basi.