Mphunzitsi Kapena Kalaliki: Mbiri ya ku Makomboni a Lusaka

Ndi aphunzitsi owerengeka okha amene sanaitanidwepo pakati pa phunziro kuti akalembe kanthu kosakhudza ana awo. Tsiku lina ndi mphunzitsi wamkulu amene afuna kuti maina akopedwe msanga. Tsiku lina ndi abusa amene afuna kalata yoitanira msonkhano. Mwinanso ndi mkulu wa komiti amene wabwera ndi mapepala a malonda ake. Mphunzitsi atula choko, nasiya ana okha, ndipo pobwerera apeza kuti nthawi ya masamu yatha. Akakana, aopa kutchedwa wamwano. Akavomera, ana ndiwo alipira. Vuto limeneli si la lero ayi. Mbiri ya aphunzitsi a m'makomboni a Lusaka ionetsa kumene linachokera ndi njira zimene anthu anayesa polichepetsa.

Chiyambi chake ku mishoni

Masukulu oyamba m'dziko limene lero litchedwa Zambia anali a mamishoni. Kum'mawa, a Dutch Reformed Church anamanga Magwero pafupi ndi Fort Jameson m'chaka cha 1899, ndipo kufupi ndi Lusaka ansembe Achikatolika a chipani cha Ajezuiti anamanga Kasisi. Pa mishoni imodzi panali kutuluka masukulu ambirimbiri a m'midzi, ndipo mmishoni mmodzi, wotchedwa manijala, ndiye anali kuyang'anira onsewo. Iye ndiye ankalemba mphunzitsi ntchito, kumlipira, kumsamutsa ndi kumchotsa.

Mphunzitsi wa masiku amenewo analinso mlaliki kapena katekisiti. Ankasunga kaundula wa ana, maina a ofuna ubatizo ndi chiwerengero cha zopereka. Madzulo ankawerengera amayi makalata ochokera kwa amuna awo amene anali ku migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, nawalemberanso mayankho. Ambiri anagwira zonsezi ndi mtima wokondwa, poziyesa utumiki wa Mulungu ndi wa abale awo, ndipo nkosayenera kunyoza iwo kapena amishoni, amene nawonso anali ochepa pa ntchito yaikulu. Koma panali chilema chimodzi: panalibe pepala lonena pamene ntchito ya mphunzitsi iyambira ndi pamene ithera. Chimene bwana wanena, chimenecho ndicho chinali ntchito. Ndipo popeza nyumba yogonamo inali ya pasukulu, munthu wokana akanatha kutaya ntchito ndi denga tsiku limodzi.

Bungwe la Phelps-Stokes litayendera dzikolo mu 1924, boma linakhazikitsa nthambi yoyang'anira maphunziro a anthu akuda mu 1925, ndipo mkulu wake woyamba anali G. C. Latham. Boma linayamba kuthandiza mamishoni ndi ndalama, koma ndalama ya boma iyenda ndi mafomu ake. Panafunika chiwerengero cha ana obwera ndi ojomba, ndi malipoti opita kwa manijala kuti iye awatumize ku boma. Sukulu ya Jeanes, imene inayamba ku Mazabuka nisamukira ku Chalimbana kum'mawa kwa Lusaka mu 1939, inakonza aphunzitsi oyendera kuti atsogolerenso midzi pa ukhondo, ulimi ndi zomangamanga. Motero ntchito inakula, koma sukulu ya m'mudzi sinapatsidwe kalaliki.

Mzinda wa mapepala

Mzinda wa Lusaka unayamba mu 1905 monga kasiteshoni ka njanji, nusanduka likulu la Northern Rhodesia mu 1935, boma litasamuka ku Livingstone. Anthu ambiri anafika kuchokera kum'mawa ndi ku Nyasaland, kotero kuti Chinyanja chinakhala chilankhulo cha m'tauni. Malamulo a nthawiyo ankamuyesa munthu wakuda mlendo m'tauni: ankayenda ndi chitupa, ndipo nyumba ankaipeza chifukwa cha ntchito. Lamulo la nyumba la 1948 linakakamiza makhonsolo kumangira antchito ndi mabanja awo, ndipo mwa njira imeneyi komboni ya Matero inamangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950. Koma nyumbazo sizinakwane. Otsala anachita lendi timalo pa mafamu a azungu ozungulira mzinda, namanga tinyumba ta dothi ndi malata akale. Umo ndimo anaphukira makomboni monga Kalingalinga, George, Kanyama ndi Chawama. Khonsolo sinawawerenge monga mbali ya mzinda, ndipo kwa zaka zambiri anthu a m'menemo anasowa mipope, misewu ndi masukulu okwanira.

M'tauni zonse zinali kuyenda ndi mapepala. Wofuna ntchito, wofuna nyumba, wotumiza ndalama kumudzi pa positi, woitana abale ku maliro, onsewa ankafunafuna munthu wodziwa kulemba. Kalaliki wa ku boma kapena wa kukampani ankalipidwa chifukwa cha cholembera chake, nalandira ulemu. Mphunzitsi anali ndi cholembera chomwecho, koma chake chinali chaulere. Mpingo unamsankha mlembi, bungwe la maliro linamsankha mlembi, gulu la mpira linamsankhanso mlembi. Pamwamba pa zimenezi, sukulu ya m'tauni inali ndi ana ochuluka, ndalama zolandira ndi makalata oyankha, ndipo mphunzitsi wamkulu, posowa kalaliki, ankatsitsira mtolowo pa mphunzitsi wa dzanja labwino, kawirikawiri wamng'ono pa onse. Pakuti malo anali ochepa, masukulu ambiri ankaphunzitsa magulu awiri, lina m'mawa, lina masana. Tsono ola limodzi lotayika mu ofesi linali gawo lalikulu la tsiku la mwana.

Ena cholemberacho chinawatulutsiratu m'kalasi. Harry Nkumbula ndi Kenneth Kaunda onse anayamba ali aphunzitsi. Kaunda anaphunzitsa ku Lubwa, nakhala mlembi wa Congress m'chigawo cha kumpoto, ndipo mu 1953 anasamukira ku Lusaka monga mlembi wamkulu wa African National Congress. Koma iwowa anasankha okha, nasiya choko poyera. Mphunzitsi wamba sanasankhe kanthu. Anangopezeka ali ndi ntchito ziwiri pa malipiro amodzi, ndipo akale anati mapanga awiri avumbwitsa.

Malamulo olembedwa

Kusintha kwakukulu kunafika mu 1952 ndi 1953. Lamulo latsopano la maphunziro linakhazikitsa mabungwe otchedwa Local Education Authority, m'mene a boma, a mamishoni ndi atsogoleri a anthu ankakhalira pamodzi kuyendetsa masukulu, ndipo aphunzitsi analowetsedwa mu Unified African Teaching Service. Kuyambira pamenepo mphunzitsi wa mishoni iyi ndi wa mishoni iyo anali ndi muyeso umodzi wa malipiro ndi malamulo amodzi a ntchito, olembedwa papepala. Manijala anakhalabe ndi mphamvu, koma mlandu wa mphunzitsi unayenera kutsata njira yodziwika. M'zaka zomwezo aphunzitsi akuda analimbitsa bungwe lawo la Northern Rhodesia African Teachers' Association, limene pambuyo pake linabala Zambia National Union of Teachers.

Malamulowa sanathetse zopempha za mabwana, koma anampatsa mphunzitsi poponda. Kale munthu wofunsa ngati ntchito yakutiyakuti ili yake ankaoneka wopanduka. Tsopano funsolo linali ndi pepala loliyankha, ndipo wolifunsa anali ndi anzake kumbuyo kwake, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mabwana atsopano

Ufulu utafika pa 24 October 1964, ziletso za maulendo zinatha, ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka. Kalembera wa 1963 anapeza anthu pafupifupi 123,000 mumzindawo; wa 1969 anapeza oposa 260,000. Komboni ya Mtendere inayamba m'zaka zimenezi monga malo opimidwa kuti anthu adzimangire okha, ndipo makomboni akale anafufuma. Lamulo la maphunziro la 1966 linapatsa nduna ya boma mphamvu pa masukulu, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1970 masukulu ambiri a pulayimale a mamishoni anali m'manja mwa boma. Manijala anachoka, koma pamalo pake panafika ena.

M'makomboni mphamvu inali ndi akuluakulu a chipani cha UNIP, makamaka dziko litakhala la chipani chimodzi mu December 1972. Atcheyamani a sekishoni ndi a nthambi ndiwo ankagawa malo omangapo, kuweruza timilandu ndi kugulitsa makhadi. Lamulo la nyumba la 1974 litavomereza makomboni, ndipo ntchito yokonza George ndi Chawama itayamba ndi ngongole ya World Bank, panafunika misonkhano yambiri ndi maina ambiri olemba. Pamene panali sukulu, pamenepo ndi pamene panali mabenchi, bolodi ndi anthu ozolowera kulemba. Kukana tcheyamani kunali kovuta monga kukana manijala, pakuti tcheyamaniyo anali mnansi, ndipo mphunzitsi anali kugona m'dera lake.

Komabe nthawi yomweyo inaonetsa njira yabwino. Boma likafuna aphunzitsi pa kalembera kapena pa chisankho, linkawaitana mwa dongosolo, kutchula masiku ake ndi kuwapatsa kangachepe. Ntchitoyo inali ya ukalaliki ndithu, koma inali ndi chiyambi, mapeto ndi malipiro. Ntchito yotere simpsinja munthu monga ija yobwera ndi mau apakamwa, yopanda tsiku lothera.

Nkhaniyi inamvekanso m'maiko ena. Pa 5 October 1966 msonkhano wa maiko ku Paris, woitanidwa ndi UNESCO mogwirizana ndi ILO, unavomereza chikalata cha udindo ndi ufulu wa aphunzitsi. Mwa zina chinalangiza kuti masukulu akhale ndi antchito othandiza pa ntchito zosakhala za kuphunzitsa, kuti ntchito zapadera zisasokoneze ntchito yeniyeni ya mphunzitsi, ndiponso kuti wopatsidwa udindo wina wa pasukulu achepetseredwe maola a m'kalasi. Chikalatacho si lamulo lomanga dziko lililonse, koma ndicho chifukwa chake tsiku la aphunzitsi padziko lonse likumbukiridwa pa 5 October.

M'zaka za m'ma 1990, chuma chitavuta ndipo malo atasowa m'masukulu a boma, makolo ndi mipingo anatsegula masukulu awoawo m'makomboni. Ophunzitsa m'menemo anali anthu odzipereka, ambiri opanda pangano lolembedwa, ndipo monga masiku a Magwero mphunzitsi yemweyo anakhala mlembi, msungichuma ndi mthenga. Pambuyo pake lamulo la 2013 linakhazikitsa Teaching Council of Zambia, bungwe lolembetsa aphunzitsi, ndipo lamulo la ntchito la 2019 linanena kuti pangano la miyezi 6 kapena kuposerapo lilembedwe. Mu 2022 boma linachotsa fizi kufikira giredi 12, ndipo makalasi anadzaza koposa kale. Taipi inapita, kompyuta ndi foni zinalowa m'malo mwake, ndipo mphunzitsi wachinyamata wodziwa makinawa ndiye asanduka kalaliki watsopano.

Phunziro lake

Wina angafunse kuti mbiri ya m'tauni imkhudza bwanji mphunzitsi wa ku Katete kapena wa ku Mchinji. Imkhudza kwambiri, pakuti zifukwa zimene zinampanikiza mnzake wa ku Matero zilipobe kumudzi: sukulu ilibe kalaliki, nyumba ndi ya pasukulu, ndipo opempha ndi anthu amene sangawapewe, monga ahedi, abusa ndi anyakwawa.

Mbiriyi iphunzitsa kusiyanitsa zolemba za mitundu itatu. Zoyamba ndi za kalasi: kaundula, makonzedwe a maphunziro, malikisi a mayeso ndi malipoti a ana. Izi ndi za mphunzitsi, ndipo wozinyozera walakwa. Zachiwiri ndi za sukulu yonse, za mpingo kapena za mudzi. Kuthandiza pa izi nkwabwino, koma zigawidwe pa msonkhano wa aphunzitsi, zilembedwe m'buku la sukulu, zikhale ndi tsiku lothera, ndipo zisagwe pa munthu mmodzi chaka ndi chaka. Zachitatu ndi za bwana mwini: makalata a malonda ake, maakaunti a munda wake, mapepala a ndale zake. Izi si ntchito ya sukulu konse. Wozigwira azigwira mwa ubale, pa nthawi yakeyake, ndipo ali ndi ufulu wokana.

Kayankhidwe nakonso kafuna nzeru. Mphunzitsi wochenjera satsutsana ndi mkulu wake pamaso pa ana kapena pa makolo. Apita ku ofesi, napereka moni, nanena modzichepetsa monga chonchi: "Ahedi, ntchitoyi ndaimva, ndipo sindikana. Koma nthawi ino ndili ndi ana a giredi 4 pa masamu. Kodi ndiwasiye ndi yani, kapena ndidzailembe tikaweruka?" Funso lotere libwezera chisankho kwa mwini udindo, ndipo limkumbutsa popanda mwano chimene ana ataya. Ntchitoyo ikamabwera sabata ndi sabata, mphunzitsi asunge kabuku kolembamo masiku ndi maola amene yadya, ndipo apemphe kuti ikambidwe pa msonkhano. Ikakanika pamenepo, aitengere kwa woimira bungwe la aphunzitsi. Ndalama za sukulu asazisunge popanda kalata ndi lisiti, pakuti ndalama yosungitsidwa pakamwa ikasowa, mlandu ugwera wosunga. Mphunzitsi wamkulu nayenso akumbukire kuti mphamvu yake yotuma anaipatsidwa chifukwa cha sukulu, ndipo ithera pomwepo.

Woyendera masukulu akafika, safunsa ngati makalata a komiti analembedwa bwino. Afunsa ngati ana adziwa kuwerenga. Ku Kanyama ndi ku George makolo a m'zaka zija anayenda ndi mapepala m'manja kufunafuna wowalembera, chifukwa iwo eni sanapeze malo pasukulu ali ana. Ola lililonse limene mphunzitsi achotsedwa m'kalasi liwonjezera ana amene adzakula akufunafunanso wowalembera.