Kusankha ndi Kuswanitsa Ng'ombe za Nyama pa Khola la Banja

Ambiri a ife amene tikukhala ku Area 11 ndi m'madera ena a mzinda wa Lilongwe tili ndi ng'ombe kumudzi, kaya ku Mchinji, ku Dowa, ku Dedza kapena ku Kasungu. Ng'ombezo ndizo zimatithandiza pa maliro, pa ukwati ndi pa nthawi yolipira fizi ya ana. Komabe makola ambiri a mabanja athu akubwerera m'mbuyo. Ng'ombe zikucheperachepera msinkhu, zikuchedwa kukula, ndipo yaikazi imatha zaka ziwiri kapena kuposerapo isanaswe mwana wina. Kawirikawiri timadandaula za msipu ndi matenda, koma gwero lina lalikulu la vutoli ndi kasankhidwe ka ng'ombe zoswana. M'nkhani ino tilongosola mitundu ya ng'ombe za nyama, kasankhidwe ka nkhunzi ndi zazikazi, ndiponso malamulo a kuswanitsa.

Ng'ombe ya kwathu kuno

Ng'ombe zochuluka m'dziko muno ndi za mtundu wa Malawi Zebu. Timazidziwa ndi linunda la pamsana, thupi laling'ono ndi mitundu yosiyanasiyana ya chikopa. Ndi zachibale ndi ng'ombe za Angoni za kum'mawa kwa Zambia. Yaikazi yokhwima imalemera makilogalamu a pakati pa 250 ndi 300, kotero nyama yake siichuluka. Koma ili ndi mphamvu zimene ng'ombe zakunja zilibe. Imapirira kutentha, imayenda mtunda wautali kukafuna madzi, imakhala ndi moyo pa udzu wouma wa m'chilimwe, ndipo siigwa msanga ndi matenda a nkhupakupa. Aliyense wofuna kukweza khola lake ayenera kuyamba ndi kulemekeza mphamvu zimenezi.

Boma linaona kale kufunika kwa ng'ombe za nyama. Pansi pa ntchito ya chitukuko ya Lilongwe Land Development Programme, imene inayamba mu 1968, panakhazikitsidwa famu ya ng'ombe ya Dzalanyama, kuti alimi azipeza ng'ombe zonenepetsa m'khola ndi zokoka ngolo. Akatswiri a ku Chitedze ndi a ku Bunda, sukulu imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, akhala akufufuza za ziweto zathu kwa zaka zambiri.

Mitundu yochokera kunja

Brahman ndi mtundu umene alimi ambiri amaudziwa. Unapangidwa ku United States kuchokera ku ng'ombe za ku India, ndipo bungwe la oweta mtunduwu linakhazikitsidwa mu 1924. Ndi ng'ombe yaikulu, ya makutu ogwa ndi linunda lalikulu, yopirira dzuwa. Boran ndi ya kum'mwera kwa Ethiopia ndi kumpoto kwa Kenya, ndipo imadziwika ndi kubereka bwino. Tuli ndi ya ku Zimbabwe, yofatsa ndiponso yoswana mosavuta. Bonsmara inapangidwa ku South Africa ndi Pulofesa Jan Bonsma, amene anayamba ntchitoyi mu 1937 posakaniza Afrikaner, Hereford ndi Shorthorn.

Mwana wobadwa kwa nkhunzi ya Brahman ndi mayi wa Malawi Zebu amakula msanga ndipo amalemera kuposa mayi wake. Koma ng'ombe yaikulu imadyanso kwambiri. Banja limene lilibe dambo lokwanira, mapesi osungidwa ndi mankhwala a nkhupakupa lingaone kuti ana a mtundu wosakanizawo akuonda ndi kufa, pamene a makolo akupulumuka. Choncho mtundu wa ng'ombe uyenera kulingana ndi chakudya chimene tili nacho. Pa makola ambiri a kumudzi nkwanzeru kusunga theka la magazi a Malawi Zebu.

Chifukwa chake kusankha kuli kofunika

Kuti mwana amatengera makolo, anthu anadziwa kalekale. Koma malamulo ake anawalongosola ndi Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustino Woyera ku Brno, amene anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake wa nsawawa mu 1866. Mwana wa ng'ombe amatenga theka la chibadwa chake kwa bambo ndi theka kwa mayi. Yaikazi imaswa mwana mmodzi pa chaka zikayenda bwino, pamene nkhunzi imodzi ingabereke ana 25 kapena 30 m'chaka chomwecho. Motero nkhunzi yoipa imawononga khola lonse.

Apa ndi pamene timalakwitsa kwambiri. Mwana wamphongo wamkulu ndi wooneka bwino ndiye timamuthena kuti adzakoke ngolo, kapena timamugulitsa msanga kwa a butchala popeza ndiye ali ndi mtengo. M'khola mumatsala yaing'ono ndi yofooka, ndipo imeneyo ndiyo imakhala bambo wa ana onse. Tikachita chotero mibadwo itatu kapena inayi, ng'ombe zimachepa msinkhu ngakhale msipu ulipo. Lamulo ndi lakuti yabwino koposa itsale, zinazo ndizo zithenedwe ndi kugulitsidwa.

Kusankha nkhunzi

Nkhunzi yabwino imaposa zinzake zobadwa nazo nyengo imodzi ndi kudya msipu umodzi. Tisafanizire ng'ombe yodyetsedwa madeya ndi ya kutchire, pakuti kunenepa kwa chakudya sikupita kwa mwana. Msana ukhale wowongoka ndi wotambalala, chifuwa chakuya, ntchafu zodzaza, chifukwa nyama yamtengo ili kumbuyo. Miyendo ikhale yolimba ndi ziboda zosapindika, popeza nkhunzi yotsimphina siikwera. Ziwalo zake ziwiri zoberekera zikhale zazikulu bwino, zofanana ndi zopanda chotupa. Tionenso mayi wake. Ngati amaswa chaka ndi chaka ndi kulera ana onenepa, mwanayo ndi wodalirika. Nkhunzi yolusa siyenera kusungidwa, chifukwa ukali umapita kwa ana ndipo ungavulaze abusa a ng'ombe.

Pogula, zaka timazidziwa ndi mano a kutsogolo a m'munsi. Mano awiri aakulu amatuluka ng'ombe ikafika pafupifupi zaka 2, ndipo onse 8 amakwanira pa zaka 4 kapena 5. Wogulitsa angathe kunama, koma mano amanena zoona.

Kusankha zazikazi

Ntchito ya ng'ombe yaikazi ndi kuswa mwana chaka chilichonse ndi kumulera mpaka aleke kuyamwa. Tisankhe misoti yobadwa kwa amayi obereka bwino, ya chiuno chotambalala ndi mawere anayi ofanana. Msoti usakweretsedwe usanafike magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa mayi wake, pakuti ukatenga bere uli wamng'ono umapinimbira ndipo umavutika poswa. Msoti waung'ono wa Malawi Zebu usapatsidwe nkhunzi yaikulu kwambiri pa bere loyamba. Yaikazi imene yatha nyengo ziwiri osatenga bere, kapena imene mano atha, igulitsidwe ngakhale tiikonde chotani, chifukwa ikudya msipu wa zinzake.

Nthawi yokweretsa

Yaikazi yopanda bere imafuna nkhunzi masiku 21 alionse, ndipo nthawiyo siifika tsiku lathunthu. Bere limatenga miyezi 9 ndi masiku ochepa. M'chigawo chapakati nkwabwino kukweretsa kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene ng'ombe zili zonenepa. Ana amabadwa pakati pa Okutobala ndi Disembala, mvula ili pafupi kapena itayamba, ndipo amayi amapeza msipu wanthete wa mkaka. Ana aleke kuyamwa pa miyezi 6 mpaka 8, kuti mayi apezenso mphamvu.

Kupewa kukwerana pachibale

Nkhunzi ikakhala m'khola limodzi kupitirira zaka 3 imayamba kukwera ana ake omwe. Zotsatira zake ndi ana ofooka, ochedwa kukula ndi osabereka bwino. Banja limene silingathe kugula ina lingasinthane nkhunzi ndi banja la mudzi wakutali. Popeza ng'ombe za m'mudzi zimadyera dambo limodzi, nkofunika kuti eni makola agwirizane, pamodzi ndi a mfumu, kuthena zamphongo zonse zosafunika. Banja limodzi palokha silingapambane ngati nkhunzi zachabe za anansi zikuyenda momasuka.

Matenda ndi chakudya

Chibadwa chabwino sichionekera pa ng'ombe yodwala kapena yanjala. Matenda a East Coast fever, ofalitsidwa ndi nkhupakupa, amapha ana a ng'ombe ambiri m'zigawo zapakati ndi kumpoto, makamaka a mitundu yakunja. Bungwe la Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, lomwe lili mu Lilongwe momwe muno, linatsegula malo opangira katemera wa matendawa mu 2014. Kusambitsa ng'ombe ku dibi kapena kuzipopera mankhwala ndi kofunika kwambiri m'dzinja. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akhala akubuka kawirikawiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kotero tisagule nkhunzi kulikonse popanda chilolezo cha alangizi a ziweto. Ng'ombe yachilendo ikhale payokha masabata angapo isanasakanizidwe ndi zinzake. Tikakolola, mapesi a chimanga ndi zotsalira za mtedza zisungidwe, osati kutenthedwa, kuti zidzathandize mu Seputembala ndi Okutobala.

Kaundula wa khola

Ife okhala m'tauni timaona ng'ombe zathu kamodzikamodzi, choncho kope ndilo maso athu. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi dzina kapena nambala. Tilembe tsiku lobadwa, mayi ndi bambo wake, tsiku loswa, katemera amene yalandira, ndi kulemera kwake poleka kuyamwa. Pamene palibe sikelo, tepi yoyezera kuzungulira chifuwa imapereka chithunzi chokwanira. Wosamala ng'ombe alipidwe moyenera ndi pa nthawi yake, ndiponso akhale munthu wamkulu, osati mwana amene ayenera kukhala kusukulu.

Kusintha kwa khola sikuoneka msanga. Mwana wa nkhunzi imene tasankha lero adzafika pogulitsidwa patapita zaka 3 kapena 4. Tikapita kumudzi ulendo uno, tiyambe ndi kufunsa zinthu zitatu: nkhunzi ya m'khola ndi iti, yakhalamo zaka zingati, ndipo ndi zazikazi ziti zimene zaswa chaka chino.