Nsomba ndi tchipisi: zakale zimene Angelezi amapukwa nazo

Mngelezi wachikulire akayamba kukamba zakale, sachedwa kutchula zinthu ziwiri. Choyamba ndi nsomba ndi tchipisi zotentha, zothira mchere ndi viniga, zokulunga m'nyuzipepala Lachisanu madzulo. Chachiwiri ndi pub, bala ya m'dera momwe anthu ankadziwana mayina. Amazikamba ngati chuma cha makolo chimene alendo ndi nyengo zatsopano zamulanda. Kupukwa kwakeko sindikukuseka, pakuti nanenso tchipisi cha pachiwaya ndikachisowa mwezi umodzi mtima umawawa. Chimene ndikukana n'chakuti zinthuzi zinali za Angelezi okhaokha, ndi kuti aliyense ankazidyerera mofanana.

Nsomba yokazinga atayipaka ufa inafika ku England ndi Ayuda amene makolo awo anathamangitsidwa ku Spain ndi Portugal, ndipo anayamba kukhazikika mu London m'zaka za m'ma 1600. Ankaikazinga Lachisanu kuti aidye yozizira pa Sabata, tsiku limene saphika. Tchipisi nacho n'chobwera: mpaka lero Belgium ndi France akulimbirana kuti anachiyamba ndani. Amene anaphatikiza ziwirizi m'sitolo imodzi amatchulidwa awiri, Joseph Malin, Myuda wa kum'mawa kwa London, cha m'ma 1860, ndi John Lees wa ku Mossley ku Lancashire, cha mu 1863. Pambuyo pake ku Scotland malonda amenewa anagwidwa kwambiri ndi mabanja ochokera ku Italy, ndipo m'mizinda ina ya ku England anali m'manja mwa anthu ochokera ku Cyprus ndi ku Hong Kong.

Chinafalitsa chakudyachi ndi mafakitale. Sitima zophera nsomba zoyendera nthunzi zinkafika kutali m'nyanja zozizira za kumpoto, madzi oundana ankasunga nsombazo, ndipo njanji inkazichotsa ku Grimsby ndi Hull n'kuzifikitsa m'mizinda ya kumtunda zisanawonongeke. Mayi amene wagwira ntchito tsiku lonse m'fakitale ya thonje analibe nthawi yokoleza moto, choncho ankangotuma mwana pakona. Pofika m'ma 1930 masitolo otere analipo pafupifupi 35,000, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse boma silinaike chakudyachi pa mndandanda wa zogulidwa mwa muyeso. Lero atsala pafupifupi 10,000.

Mtengo weniweni wa nsombazo unkalipiridwa panyanja. M'miyezi ya January ndi February 1968, sitima zitatu za ku Hull zinamira pasanathe mwezi umodzi ndipo amuna 58 anafa. Mayi wina wogwira ntchito yosenda nsomba, Lillian Bilocca, anatsogolera amayi anzake mpaka kwa nduna za boma ku London kukafuna malamulo oteteza asodzi, monga kuti sitima iliyonse izikhala ndi munthu wa wailesi. Malamulo anasinthadi, koma iye ntchito inamuthera. M'nkhani zokoma za nyuzipepala yonunkhira viniga dzina lake silimveka kawirikawiri. Kenaka panabwera mkangano ndi Iceland pa malire a nyanja, kuyambira 1958 mpaka 1976. Dziko laling'onolo linapambana, linatseka mtunda wa mamailosi 200 kuchokera kugombe lake, ndipo usodzi wakutali wa Hull ndi Grimsby unagwa. Nsomba zambiri za cod ndi haddock zimene Angelezi akudya masiku ano n'zogula kunja, makamaka ku Iceland ndi Norway. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022, mafuta a mpendadzuwa ndi nsomba za ku Russia zinakwera mtengo, eni masitolo n'kuyamba kulira.

Nkhani ya pub ndiyo imandiwawa kwambiri. Zoona, malowa akutha: cha mu 2000 analipo oposa 60,000, ndipo pofika 2019 anali osakwana 50,000. Zifukwa zake anthu amatchula mowa wotchipa wa m'masupamaketi, misonkho, lendi, ndi lamulo la 2007 loletsa kusuta fodya m'kati. Mudzi ukataya pub wataya bwalo lake, ndipo izi si zopepuka. Koma bwalolo linali la yani? Pub yakale inali ndi zipinda, china cha anthu a maovololo, china cha ovala mataye, mowa womwewo mitengo yosiyana. Mwini bala ankatha kukana kugulitsa mowa kwa mkazi popanda mlandu mpaka lamulo la 1975 loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi litabwera. Kwa munthu wakuda kapena Mmwenye, zitseko zambiri zinali zotseka. Mu February 1965, Malcolm X anafika ku Smethwick, pafupi ndi Birmingham, ataitanidwa ndi bungwe la Indian Workers' Association, ndipo Avtar Singh Jouhl anapita naye ku pub yotchedwa Blue Gates kuti akaone yekha chipinda chimene anthu osakhala azungu sankaloledwa kumweramo. Patangopita masiku 9 anaphedwa ku New York. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa Race Relations Act, yoletsa tsankho la mtundu m'malo ngati amenewa.

Tsono munthu akamati pub ya m'ma 1960 inali nyumba ya aliyense, ine ndimafuna ndidziwe kaye kuti iyeyo ankakhala chipinda chiti. Ku Smethwick komweko ndi m'matauni oyandikana nawo, ma pub angapo amene akanatsekedwa anagulidwa ndi mabanja ochokera ku Punjab, ana ndi zidzukulu za anthu aja ankabwezedwa pakhomo. Amawatcha desi pub. Mowa ndi womwe uja wa Angelezi, mpira uli pa TV, koma kukhitchini kukutuluka nyama yowotcha ya tsabola ndi buledi wa naan, ndipo Loweruka madzulo mpando umasowa.