Mbiri ya kufufuza chizindikiro cha impso zosamva mankhwala

Mwana akafika pachipatala cha Chintheche atatupa zikope, mimba ndi mapazi, ganizo loyamba limakhala la kunyentchera. Koma mkodzo wake ukamachita thovu, ndipo dipstick n'kuonetsa mapuloteni ochuluka, vuto limakhala lili m'impso. Matendawa amatchedwa nephrotic syndrome: timasefa ta impso timadontha, n'kumataya mapuloteni a m'magazi. Mankhwala ake oyamba ndi prednisolone, ndipo funso limene lavutitsa madokotala kwa zaka zoposa 60 ndi lakuti: ndi mwana uti amene mankhwalawa sadzamuthandiza?

Mankhwala a gulu la steroid anayamba kugwiritsidwa ntchito pa matendawa cha m'ma 1950. Ku Ulaya ndi ku America, ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse ankaphwa msanga. Ku Africa zinthu sizinayende choncho. Mu 1930, dokotala George Giglioli anali ataona kale ku British Guiana kuti kutupa kotereku kumayendera limodzi ndi malungo a Plasmodium malariae. Mu 1963, Herbert Gilles ndi Ralph Hendrickse anapeza zofananazo mwa ana a ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, ndipo John Kibukamusoke anazionanso pachipatala cha Mulago ku Kampala. Ana ambiri otere sankachira ndi steroid, ngakhalenso ndi mankhwala a malungo.

Ofufuza atayeza tizidutswa ta impso za anawo, anapeza kuti zida zimene chitetezo cha m'thupi chimapanga polimbana ndi malungo, monga IgG, IgM ndi C3, zinali zitakanirira m'timasefa. Apa m'pamene panakula ganizo lakuti chitetezo chomwecho chikhoza kulosera za mankhwala. Mu 1966, Stewart Cameron wa ku London ndi mnzake anafalitsa njira yoyerekezera IgG, imene ndi puloteni yaikulu, ndi transferrin, imene ndi yocheperapo. IgG ikamatuluka yambiri mumkodzo, ndiye kuti sefa yang'ambika kwambiri ndipo mwayi woti steroid agwire ntchito ndi wochepa. Ku Ibadan anaiyesa njirayi mu 1970. Inkathandiza, koma sinkalondola nthawi zonse, choncho sinalowe m'malo mwa biopsy.

Mu 2010 kunatulukira nkhani yokhudza anthu a kuno mwachindunji. Asayansi anapeza kuti mitundu iwiri ya jini yotchedwa APOL1, imene imapezeka mwa anthu ochokera mu Africa, imachititsa magazi kupha tizilombo ta kaodzera wa mtundu wa rhodesiense, yemwe amafalitsidwa ndi kashembe ku Nkhotakota ndi ku Vwaza. Koma munthu wotengera jiniyi kwa bambo ndi mayi omwe amakhala pachiopsezo chachikulu cha zipsera za m'timasefa, zimene kawirikawiri sizimva steroid. Chimene chinatchinjiriza makolo ku kashembe chikhoza kuvulaza impso za mdzukulu. Mu 2024, ofufuza a ku Hamburg anaonetsanso kuti ana ambiri odwala matendawa ali ndi chitetezo cholimbana ndi nephrin, puloteni ya m'timasefa ta iwo eni, ndipo kuchuluka kwake kumatsika mwana akamachira.

Zoyeza zimenezi n'zodula, ndipo palibe chimodzi chimene chingalosere chokha popanda kuphonya. Mpaka lero, madokotala amati matendawa akana mankhwala ngati mapuloteni akupitirira kutuluka mwana atamwa prednisolone tsiku lililonse kwa masabata 4 mpaka 6. Ndiye kuti chizindikiro chodalirika m'mphepete mwa nyanja chidakali dipstick, sikelo ndi buku la kuchipatala lolembedwa bwino.

Mbiriyi ikuphunzitsanso kuti m'dera ngati Chintheche, choyambitsa chiyenera kufufuzidwa mwana asanayambe steroid. Malungo, HIV ndi hepatitis B zimatha kuwononga timasefa, ndipo likodzo, lomwe n'lofala kugombe, limasiya magazi ndi mapuloteni mumkodzo n'kusokoneza zotsatira. Mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka amene wapeza mwana wotupa amutumize kukayezetsa mkodzo, osangomulemba m'kaundula wa onyentchera. Mwana ali pa prednisolone asasiye mankhwala mwadzidzidzi, ndipo akatentha thupi kapena kumva mimba kuwawa apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti chitetezo chake chimakhala chitafooka. Masabata 4 akakwana mkodzo usanasinthe, kuwonjezera mapiritsi sikuthandiza. Mwanayo ayenera kutumizidwa kuchipatala cha boma cha Nkhata Bay, kenako ku Mzuzu, impso zisanafike pofuna dialysis.