Ankhondo a m'mapiri: Kawinga, Jalasi ndi nkhondo za kumtunda kwa Shire

Woyenda pa msewu wochoka ku Liwonde kulowera ku Mangochi amadutsa pa Ulongwe, m'dera la mfumu Kalembo m'boma la Balaka, lomwe lidali mbali ya Machinga mpaka mu 1998. Lero kuno n'kwa alimi a chimanga ndi thonje, koma pakati pa 1891 ndi 1895 chigwa cha Shire chimenechi, pamodzi ndi mapiri ochizungulira, chidali bwalo la nkhondo pakati pa mafumu a Chiyao ndi boma la atsamunda. Maina a Kawinga, Liwonde, Jalasi, Mponda ndi Makanjira, omwe lero timawamva ngati maina a maufumu, panthawiyo ankanjenjemeretsa anthu.

Kumene adachokera

Ayao adachokera kumpoto kwa Mozambique, pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Rovuma. Cha m'ma 1850 ndi 1860, magulu awo adalowa m'dziko muno pothawa nkhondo ndi njala. Gulu lotchedwa Amachinga lidakhazikika kumtunda kwa Shire ndi kum'mwera kwa nyanja ya Malawi, komwe lidapeza Amang'anja ndi Anyanja. Mponda adakhala pomwe Shire amatulukira m'nyanja, Makanjira kugombe la kum'mawa, Jalasi paphiri la Mangochi, pamene Kawinga adatenga phiri la Chikala, kumpoto kwa nyanja ya Chilwa.

Gwero la mphamvu zawo

Mphamvu za mafumuwa zidagona pa malonda, mfuti ndi mapiri. Amalonda awo ankayenda maulendo a miyezi kupita ku madoko a Kilwa ndi Quelimane atasenza minyanga ya njovu ndiponso akukusa akapolo. Pobwerako ankanyamula nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti za gogodela. Mfumu yokhala ndi mfuti zambiri inkagwira anthu ambiri, ndipo anthuwo ankaigulira mfuti zina. Ukulu wa mfumu unkayezedwa ndi kuchuluka kwa anthu omwe inali nawo.

Mapiri ndiwo adali malinga awo. Mdani wokwera phiri la Chikala kapena la Mangochi ankadutsa m'tinjira topapatiza pakati pa matanthwe, pomwe amuna ochepa okhala ndi mfuti ankatha kubweza gulu lalikulu.

Asilikali ochokera ku India

Mu 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo Harry Johnston adakhala mkulu wa boma. Popeza adalibe gulu la nkhondo, adaitanitsa asilikali pafupifupi 70 kuchokera ku India, ena a chipembedzo cha Sikh ndipo ena Asilamu, motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire. Pambuyo pake chiwerengero cha Asikh chidakwera kufika pa 200. Pambali pawo padali Amakua a ku Mozambique ndi Atonga a kumpoto kwa dziko lino.

Johnston ankati cholinga chake n'kuthetsa malonda a akapolo. Mafumu a Chiyao ankaona zina: mlendo wofuna msonkho, malo ndi ulamuliro pa njira za malonda.

Zaka zinayi za nkhondo

Poyamba zinthu zidawayendera bwino mafumuwo. Chakumapeto kwa 1891 Maguire adakwera phiri la Chikala koma ankhondo a Kawinga adamubweza atamuvulaza. M'Disembala chaka chomwecho adaphedwa panyanja pamene ankafuna kuwononga zombo za Makanjira. Kumayambiriro kwa 1892 Jalasi adathamangitsa gulu lomwe lidachokera ku Fort Johnston, dzina lomwe tauni ya Mangochi idadziwika nalo kwa zaka zambiri, ndipo adalanda mzinga wa boma.

Mu 1893 nkhondo idabuka kwa Liwonde, m'mbali mwa Shire, mtsinje womwe atsamunda ankaudalira poyendetsa katundu kupita kunyanja. Atagonjetsa Liwonde, adamanga malinga m'mbali mwa mtsinjewo kuti aziona aliyense wowoloka.

Chaka cha 1895 ndicho chidathetsa makani. Kumayambiriro kwake Kawinga adatsika phiri kukathira nkhondo Malemia, mfumu inzake ya Chiyao yomwe inkagwirizana ndi amishoni a ku Scotland pa Domasi. Gulu lochepa la Asikh ndi Atonga lidamubweza, kenako Alfred Sharpe ndi Kaputeni William Manning adatsogolera asilikali kukwera Chikala. Kawinga adathawira kudziko la Apwitikizi. Chakumapeto kwa chakacho Jalasi naye adachotsedwa paphiri lake, mzinga uja udabwezedwa, ndipo pamalopo padamangidwa Fort Mangochi. Makanjira adagonja chaka chomwecho.

Chidawagwetsa n'chiyani?

Gogodela inkafuna kuthiridwa wonga ndi chipolopolo kukamwa ikangolira kamodzi, pamene mfuti za asilikali a boma zinkalira motsatizana, mothandizidwa ndi mizinga ndi sitima za nkhondo panyanja. Malinga a atsamunda adatsekanso njira zodzera wonga.

Koma chachikulu chidali kusagwirizana. Mutu umodzi susenza denga, koma aliyense mwa mafumuwa adamenya nkhondo yake payekha, ndipo ena adali pa udani wa zaka zambiri. Anthu omwe adazunzika ndi ukapolo analibenso chifukwa chowaikira kumbuyo. Chodabwitsa n'chakuti nkhondo zitatha, anyamata ambiri a Chiyao adalembedwa usilikali ndi boma lomwelo, ndipo adadziwika kwambiri m'gulu la King's African Rifles lomwe lidakhazikitsidwa mu 1902.

Tiwakumbuke bwanji?

Mitundu ina idasunga ngwazi zake m'mabuku aakulu, monga momwe Ahindu a ku India adasungira Arjuna ndi Bhima mu Mahabharata. Zambiri zolembedwa za Kawinga ndi Jalasi zidachokera kwa omwe adawagonjetsa, pamene zomwe eni dera ankadziwa zidatsala m'kamwa mwa akuluakulu, omwe akutha chaka ndi chaka.

Ena amawaona mafumuwa ngati ngwazi zomwe zidakana kugwadira mzungu. Ena amakumbuka makolo awo omwe adamangidwa magoli n'kutengedwa ulendo wosabwerera. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo mbiri yotchula chimodzi chokha ndi yopunduka.

Makoma a Fort Mangochi akadalipo paphiripo, ndipo malowa ali m'gulu la njira za akapolo zomwe dziko la Malawi lidapereka ku bungwe la UNESCO mu 2011 kuti liganizire zoziika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse. Maufumu a Kawinga, Liwonde, Kalembo, Jalasi, Mponda ndi Makanjira nawonso akupitirira, ndipo m'mabwalo mwawo ndi momwe ofufuza mbiri angayambire kulemba mbali yomwe atsamunda sadailembe.