Tikamati pakhomo pali kompyuta

Mu 1984, bungwe lowerengera anthu la ku America linafunsa koyamba ngati pakhomo pali kompyuta. Makomo 8 okha pa 100 alionse ndiwo anavomera. Mu 1997 anali pafupifupi 37, ndipo mu 2000 anadutsa theka. Masiku amenewo panalibe wofunsa kuti kompyuta n'chiyani. Chinali chibokosi cha patebulo, cha sikilini yonenepa ngati wailesi ya kanema yakale, chimene ana ankalandizana madzulo.

Lero dzina limodzi lomweli lasenza zambiri: kompyuta ya patebulo, laputopu, tabuleti, ndiponso foni yamakono yolowa pa intaneti. Ku America foniyi amaiwerengera m'gulu la makompyuta, ndipo mu 2021 makomo okhala ndi kompyuta anafika 95 pa 100 alionse. Koma ITU, nthambi ya United Nations yoona za mauthenga, siiika foni m'gululi. Choncho khomo limene kwina amati lili ndi kompyuta, kwina amati lilibe.

Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu. Kalembera wa ku Malawi wa 2018 anapeza kuti makomo oposa theka anali ndi foni ya m'manja, pomwe okhala ndi kompyuta sanakwane ngakhale 1 pa 10 alionse. Kalemberayu akamati khomo, amanena anthu okhala pamodzi ndi kudyera mphika umodzi. Safunsa kuti chidacho amachigwira ndani.

Apa pali kusiyana kwa kukhala nacho chinthu ndi kuchigwiritsa ntchito. Laputopu ya bambo imachoka m'mawa ili m'chikwama, n'kubwera usiku. Pa pepala la owerengera pamalembedwa kuti ilipo, koma mwana wa Fomu 3 wa pakhomopo sanaigwirepo n'kamodzi komwe. Mnzake woyandikana naye, amene kwawo kulibe kompyuta, amalipira kakobiri pa malo otayipira makalata ndipo zala zake zazolowera kiyibodi.

Foni ndi yothandiza, koma amene anayesapo kulemba kalata yofunsira ntchito ndi zala ziwiri pa kasikilini, batire likutha, amadziwa pamene imalekezera. Tsono mukamva kuti makomo okhala ndi kompyuta achuluka, funsani kuti ndi kompyuta yanji, ndiponso ngati ana a pakhomopo amaigwira.